Tsiku Limene A Wyson Anamana Mnzawo

Ku Kande kulibe munthu amene sanadyepo za a Wyson Chirwa. Msodzi ameneyu ndi wamataya chibadwire. Akakocheza bwato, usipa umathera pagombe pomwepo, wothandiza kukoka ndi wongodutsa yemwe onse n'kulandira. Akazi awo, a Agnes, anatopa kalekale kudandaula, amangobisa mchere ndi sopo.

Chaka chatha, kutatsala milungu itatu kuti mwana wawo Chawezi akwatiwe kutchalitchi cha Bandawe, chifuwa chinawagwira a Wyson. Iwowa ndiwo amayambitsa nyimbo m'kwaya, ndipo Chawezi ananeneratu kuti salowa m'tchalitchi osamva mawu a bambo ake. Kuchipatala anawapatsa makapisozi oti azimwa katatu pa tsiku, masiku asanu.

Atamwa masiku awiri, thupi linapepuka. Nanga otsalawo asungirenji, anthu akutsokomola m'mudzi? Anagawa ngati usipa. Sabata isanathe anali gone pamphasa, akupuma movutikira, mawu atatsekeka.

Atabwerera kuchipatala, adokotala sanawanyengerere. "Ada Chirwa, tizilomboto munangotikomola, simunatiphe. Amene munawagawirawo simunawachizenso. Atsopanowa mumalize nokha, wina asalaweko."

Pobwerera a Agnes anathirapo ndemanga: "Chinangwa mukachivuula chisanafewe, kondowole wake mungadye inu?"

Tsiku lachitatu la mankhwala atsopanowo kunabwera a Jobe, mnzawo wa m'bwato kuyambira paunyamata, akuyenda monyang'ama.

"Achimwene, pokodza ndikumva moto. Ndigawireniko awiri okha."

Dzanja la a Wyson linalowa lokha m'thumba. A Agnes anatsokomola kukhitchini, chifuwa alibe. Dzanja lija linatuluka lopanda kanthu, koma mtima unawawa zedi, pakuti mawu akuti ayi anali asanatulukepo pakamwa pawo.

"Sindikupatsani," anatero, misozi ili lengelenge. "Matenda anuwo ndi ena, akakuyezeni kuchipatala. Tiyeni kumsewu ndikakukwezeni minibasi."

A Jobe anakwera atakwiya, osatsanzika n'komwe. Anabwerako ndi mankhwala awoawo, amtundu wina, ndipo mkwiyo unatha limodzi ndi moto uja.

Pa tsiku la ukwati Chawezi anaima pakhomo la tchalitchi, akudikira. A Wyson anakoka mpweya mpaka pansi, chifuwa chili zii, n'kuyambitsa nyimbo. Mwanayo anamwetulira n'kuponya phazi, kumbuyo kwa kwaya besi ya a Jobe ikugunda.

Mpaka lero a Jobe amauza anthu pagombe kuti a Wyson anawamana. Palibe amene amawakhulupirira.