Nyimbo Yopanda Popumira

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinaona abambo akulephera kumasula mfundo ya chingwe. Anali pakhonde, chingwe chili pamiyendo, dzanja lamanja litangogona ngati la munthu wina. Matenda ofa ziwalo anali atawalanda mbali imodzi ya thupi pamodzi ndi mawu. Pakhomo pathu, kufupi ndi Senga Bay, tinalipo atatu: abambo, achemwali anga a Esinati, ndi ine. Amayi anatisiya kale. Mankhwala ankafuna ndalama, pamene ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo ntchito yanga inali yosenza mabeseni a usipa kupita pa thandala. Nditawauza a Esinati, sanandiletse. Anangoti, “Iwe Fanuwelo, ndi manyazi akowo, ntchito ukaipempha bwanji?”

Potsanzika, abambo anandilozera ndi maso gitala yawo imene inali pakhoma. Ndinainyamula.

Asanadwale, abambo ndiwo ankatsogolera anthu pokoka khoka, ukonde waukulu uja umene amuna amaukokera kumtunda akuyenda chafutambuyo. Mfuu yawo inali imodzi: “Tiye, tiye, kokani!” Mawu akangotha ankayambanso pomwepo, ndipo mapazi a amuna onse ankatsata mawuwo. Mfuu yomweyi anaisamutsira pa gitala. Chala chachikulu chinkayenda pa nsambo zonenepa, kanyimbo kafupi kozungulira pamodzimodzi, koma osatopetsa. Pondiphunzitsa sankanena zambiri. Ankangoika dzanja pa bondo langa n’kumagogoda, ine n’kumatsata. Sindinawerengepo kuti kamagunda kangati. Kunali ngati kuwerenga mpweya wako.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto. Ndinkagona m’kachipinda ka malata ndi anyamata ena, aliyense atayang’ana foni yake. Kuzizira kwa kumeneko kumalowa mpaka m’mafupa, ndipo manja anga anang’ambika ndi sopo. Abwana akandikalipira ndinkangoti “sole,” ngakhale pamene wolakwa anali wina. Mwezi ukatha ndinkatumiza zimene ndapeza, a Esinati n’kuyankha kuti zafika, abambo adya, mvula yagwa. Panali masabata amene munthu yekhayo wonditchula dzina anali a Esinati pa foni.

Lamulungu Amalawi tinkapemphera m’galaja ya munthu wina, ndipo kumeneko ndinakumana ndi Gifiti, mnyamata wa ku Ndirande, woyimba ng’oma. Anali wansangala, wapakamwa, ndipo anali ndi kompyuta yakale yojambulira nyimbo. Tsiku lina mapemphero atatha, anandimva ndikuyimba kanyimbo ka abambo pakona.

“Aise, chimenechi n’chiyani? Bwerezanso!”

Ndinabwereza. Anatenga timitengo take toyimbira ng’oma n’kuyamba kunditsata, koma posakhalitsa tinasiyana. Iye akamafika poyambira, ine ndinali nditadutsa kale. Tinayesanso, zomwezo. Anaika timitengo pansi n’kuyamba kuwerenga ndi zala.

“Taona, nyimbo zambiri zimayenda folo folo. Mafolo awiri, eyiti. Yakoyi ikuthera pa seveni. Wina wakubera imodzi panjira, mwina pa boda!”

Anaseka, nanenso ndinaseka. Kunena zoona Gifiti anayesetsa. Tinakhala masana onse tikuigawa. Anayesa kuyamba ndi zitatu n’kumaliza ndi zinayi, sizinagwirane. Kenaka ndinamuuza mfuu ya abambo, ndipo tinaona kuti “tiye” ndi ziwiri, “tiye” wachiwiri ziwirinso, “kokani” zitatu. Ndinasangalala ngati mwana. Kwa nthawi yoyamba ndinadziwa mmene nyimbo ya abambo inamangidwira. Gifiti anakwanitsa kuitsata pang’ono, thukuta lili kamukamu, kenaka anapukusa mutu.

“Ndi yabwino, koma ikutsimphina. Pa ukwati anthu athyoka miyendo. Ukati ‘kokani,’ ingopuma kamodzi. Kamodzi basi, Fanuwelo, tidye nayo.”

Mawu akuti kutsimphina anandilasa, chifukwa ndinakumbukira abambo. Koma Gifiti anali munthu woyamba ku Joni kundiitana kuti ndikhale naye. Ndinati, “Chabwino, palibe vuto.”

Dzanja linakana kwa masabata angapo. Ndinkachita kuponda pansi mwamphamvu pa malo opumirawo kuti chala chidikire. Pang’ono ndi pang’ono chinaphunzira. Tinajambula, ndipo ndinatumiza kumudzi ndi mtima wonyada. Yankho la a Esinati ndikulikumbukira mpaka lero.

“Ndawaikira abambo pakhutu. Anayamba kugogoda pamphasa ndi dzanja lamanzere lija, nkhope itawala. Koma pena pake dzanja limafika msanga, n’kuima m’malere ngati asokera. Kenaka anatembenukira kukhoma. Kaya matendawa akukula.”

Nanenso ndinakhulupirira kuti ndi matenda. Nyimbo ija inatitengera m’maukwati ndi m’maphwando a Amalawi. Anthu ankavina, osathyoka mwendo. Ndalama zake zinagula mankhwala ndi malata a nyumba yathu. Sindinganene kuti Gifiti anandinamiza. Zaka zitatu ndinaiyimba ikupuma, mpaka kupumako kunalowa m’magazi.

Kenaka a Esinati anayimba foni m’mawa ndili pantchito. “Bwera. Usadikire kutha kwa mwezi.”

Ulendo wa basi sindiukumbukira bwino, kupatula kuti gitala ndinaifungatira njira yonse. Nditatsika pa kabaza, ndinaona nyumba ya malata owala imene ndinkangoiona pa zithunzi. M’katimo abambo anali atatha, atatsala maso okha. Ndinagwada n’kuwagwira dzanja. “Ndabwera, abambo.” Maso awo anachoka pa ine n’kupita pa gitala.

“Ayimbire,” anatero a Esinati.

Ndinayamba. Chala chawo chimodzi chinadzuka pamphasa n’kugogoda. Tiye, tiye, kokani. Chala chawo chinatsika kuyambanso, koma changa chinapuma. Pomwepo ndinamvetsa zimene a Esinati anaona zaka zitatu zapitazo. Sanali matenda. Abambo ankafika pa nthawi yake, ine ndiye sindinalipo.

Ndinayesanso. M’mutu ndinkadziwa bwinobwino: ziwiri, ziwiri, zitatu, osapuma. Koma dzanja linali ndi nzeru zake. Ndikalikakamiza linkathamanga n’kusokoneza nsambo, ndikalisiya linkapuma. Ndinawerenga mokweza mawu, zinangoipiraipira. Chala cha abambo chinadzuka kachiwiri, kachitatu, kenaka chinagona. Sanatembenukire kukhoma, mwina analibe mphamvu. Anangondiyang’ana.

“Ndatopa ndi ulendo, abambo. Mawa ndiyimba bwino.”

Mawa lake dzuwa lisanakwere, a Esinati anayamba kulira.

Maliro atatha, ndinapita kunyanja m’mawa. Ndinkafuna kuima pafupi ndi okoka khoka kuti mapazi awo andikumbutse. Pamalo pamene abambo ankakokera ndinapeza mpanda wa njerwa wa loji, wofika mpaka m’madzi. Mnyamata wina amene ankathira mafuta mu injini ya boti anandiuza kuti kuno khoka analeka. Nsomba zinathawira kutali, amene ali ndi mphamvu amapita ndi mainjini, ena ali ku chilumba cha Mbenji. Ndinamufunsa ngati akuidziwa mfuu ya abambo. Anandiyang’ana mwaulemu n’kuti, “Pepani achimwene, imeneyo sindinaimvepo.”

Pa geti ya loji ndinapeza Che Ajasi, amene ankaima kumbuyo kwa abambo pa chingwe kwa zaka zambiri. Tsopano ndi mlonda, amavala yunifomu yowakulira. Pamaliro tinangopatsana moni. Tsiku limeneli ndinawafotokozera zonse, maso ali pansi.

Iwo anati, “Walahi, ana inu. Nyimbo ya chingwe ukuifuna m’zala?”

Analowa kuseri n’kutuluka ndi chingwe choyanikira zovala za alendo. Tinapita pamchenga kunja kwa mpanda. Anandipatsa nsonga imodzi, iwo n’kuzenga ina m’chiuno.

“Ine ndikhala nyanja. Iwe koka, uziyenda chafutambuyo. Itana ngati abambo ako.”

Mawu anga anatuluka ang’onoang’ono. “Tiye, tiye, kokani.” Ndinapuma. Nthawi yomweyo mkulu uja anagwedeza chingwe, ine n’kugwa chafufumimba, mchenga m’kamwa. Amayi awiri amene ankatsuka mbale m’mphepete anaseka.

“Wapumira ndani?” anafunsa Che Ajasi. “Nyanja imapuma? Ukalekerera chingwe ngakhale pang’ono, funde limakulanda zimene wakoka, ukonde umadzuka pansi, nsomba n’kutulukira pomwepo. Abambo ako anachotsa popumira dala, kuti ana adye. Dzuka!”

Ndinagwanso kangapo. Koma thupi siliiwala kugwa. Phazi linayamba kuopa malo aja, n’kumaponda msanga, “kokani” akangotha “tiye” ali pomwepo. Tinayenda mtunda ndithu pamchenga, ine ndikufuula, nkhalamba ikundikaniza. Titaima, ndinaona kuti akupukuta m’maso ndi chipewa cha yunifomu.

“Amene tinkakoka ndi iye tatsala ochepa,” anatero. “Ndipo palibe amatifunsa.”

Masana amenewo ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n’kutenga gitala. Sindinawerenge. Ndinangokumbukira chingwe m’manja, ndipo kanyimbo kanazungulira kokha, kopanda popumira. A Esinati anatuluka ndi beseni, naima pakhomo. Anamvera mpaka ndinaleka, kenaka anati, “Imeneyo ndiye ankaidikira.” Analowanso m’nyumba, ndipo sanatuluke mpaka madzulo.

Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti chimene ndasintha ndidzachipezanso kwathu chili chonse, monga umapezera mtengo pamene unausiya. Sindinadziwe kuti kwathu nakonso kunali kukutha, ndipo kuti nyimbo ija inatsala m’chala chimodzi cha munthu wodwala ndi m’chiuno mwa mlonda wokalamba. Gifiti amatumiza mauthenga kufunsa kuti ndibwerera liti. Ndimamuyankha kuti sindikudziwa, ndipo ndi zoona.

Ana a pamudzi amabwera ndikamayimba. Amawomba m’manja folo folo monga amamvera pa wailesi, ndipo pofika pa “kokani” amasokera n’kuseka. Sindiwafotokozera za seveni. Ndinatenga chingwe chija chimene abambo analephera kumasula, ndipo mfundo yake ndinaisiya momwemo. Mwana akati akufuna kuphunzira, ndimamupatsa nsonga imodzi, ine n’kukhala nyanja.