Chiwongolero chitakana kubwerera

Dzulo ndikudutsa pagaraja ndinamva fungo la girisi wotentha, ndipo ndinakumbukira kagalimoto kofiira ka bambo anga.

Kanali kakale, ka mipando iwiri, kosiyidwa ndi bwana wa pamgodi amene anathawa mavuto. Bambo akamaliza kukhota ankangomasula zala, chiwongolero n'kubwerera chokha pakati. Ine ndinkati galimotoyo imadziwa njira.

Nthawi imene m'masitolo munalibe ndi bawuti yomwe, mkono wa tayala lakutsogolo unapindika pabampu. Bambo anauwongola ndi nyundo, n'kuchotsapo mawashala ena kuti ulowe.

Mawa lake matenda anawayamba amayi, omwe anali oyembekezera. Bambo anandipanikiza kuseri kwa mipando, ndipo tinanyamuka kwathu kumgodi wa Gaika kuthamangira kuchipatala.

Pakona ya pafupi ndi maenje a makorokoza, anthu okumba golide mozembera, bambo anamasula zala monga mwa masiku onse. Chiwongolero sichinabwerere. Galimoto inapitiriza kukhota, kulunjika kudzenje.

"Maiwe! Bambo a Juma, mutipha!" anakuwa amayi.

"Gwirani chitseko, mai mwana!"

Bambo anakoka chiwongolero ndi manja onse, tayala likugumula dothi la m'mphepete mwa dzenje. Njira yonse yotsala galimoto inkadzandira ngati yoledzera. Ine ndinkainong'oneza kuti itikhululukire, poganiza kuti yakwiya ndi nyundo ija.

Mlongo wanga anabadwa titangofika.

Ndinadziwa nditakula kuti mawashalawo ndiwo ankapendeketsera kumbuyo chitsulo chogwira tayala, ngati foloko ya njinga, zomwe amakaniko amati kasita, ndipo kupendekekako ndi kumene kunkabweza chiwongolero pakati. Popanda iwo, imene inatifikitsa kuchipatala inali mikono ya bambo basi.