Ndowe za alamu anga

Dzulo mdzukulu wanga anayatsa koilo ya udzudzu, kautsi kake katangondilasa m'mphuno, ine n'kuyamba kuseka ndekha mpaka misozi.

Ndinali kamtsikana koguluka mano, kwathu uko ku Nsaru. Dzinja limenelo udzudzu unkachita kutiimbira nyimbo kuseri kwa nyumba, kuimba ndi kuluma, kuluma ndi kuimba. Amayi ankauthamangitsa ndi utsi wa ndowe zouma za ng'ombe, pamwamba n'kuponyapo masamba a mpungabwi.

Ndiye akulu anga anali atangokwatiwa. Alamu anabwera kudzakhala chikamwini, munthu wakutali, wogwira ntchito ku esiteti ya fodya. Pofuna kuoneka akhama, madzulo ena anatola ndowe dengu lonse n'kukhuthulira pamoto pomwe ndinkaotcha chimanga changa choyamba chaka chimenecho.

Zinali za nkhumba, ana inu. Zaziwisi.

Fungo lake, Mulungu andikhululukire. Linalowa m'kamwa n'kukhala palilime ngati mafuta owola. Galu anadzuka n'kuchoka. Chimanga changa chinali pansi pa phala lobiriwiralo, likuwira thovu. Ndinachivuula ndi kamtengo, kuchipukuta paudzu, n'kuchinunkhiza. Ndinachiponyera kutchire ndikulira.

Tsono mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Amayi anangofulatira, nsalu pamphuno, alamu ali chiimire poteropo kudikira kuyamikidwa.

"Iwe," anatero amayi kwa ine, mawu akutulukira m'nsalu, "uwauze alamu ako kuti zikomo. Koma udzudzu uja ndi wathu, tinauzolowera. Aubweze."