Mbuzi Zanga Panjanji

Njanji inafika kwathu ku Mchinji ine ndili mtsikana. Inachokera ku Salima, n'kudutsa ku Lilongwe, mpaka kumalire, kumene inangothera m'tchire ngati munthu woiwala kumene akupita. Ankati tsiku lina idzafika ku Chipata. Mudzi wathu unapatapo kasiteshoni pakati pa Kamwendo ndi pa Boma: kanyumba ka malata, khonde la simenti ndi mjigo. Ine ndinapatapo mwamuna.

Amuna anga anali oyendera njanji. M'mawa uliwonse ankanyamula hamala, sipanala yaitali ndi kambendera kofiira, n'kuyenda chigawo chawo chonse akugogoda chitsulo ndi kumvetsera. Bawuti yokhwefuka ankaidziwa ndi khutu. Ndinawakonda chifukwa cha kufatsa kwawo, ndipo kufatsa komweko n'kumene kunkandipsetsa mtima masiku ambiri.

Atabwera matipate zinthu zinasintha. Malole anachuluka pamsewu wa kumalire, sitima zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenaka zii. Oyendera njanji anauzidwa kuti akapume. Mkulu wa siteshoni anakhoma chitseko napita kwawo, ndipo amayife tinagawana khonde la simenti lija kuti tiziyanikapo ufa ndi mtedza. Sindinama, palibe malo ena amene ufa unkauma bwino ngati pamenepo.

Koma bambo awa sanapume. Akachoka kumunda ankatenga hamala yawo, n'kuwonjezerapo chikwakwa chotchetchera udzu, n'kumayenda monga kale. Anthu anayamba kuwaseka. "Bwana, lero ifika nthawi yanji?" Iwo ankangoyankha kuti, "Njanji siinafe, yagona chabe." Kumjigo amayi anzanga ankandifunsa ngati amuna anga ali bwinobwino m'mutu. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Vuto linali mbuzi. Dzinja likafika mbuzi timamanga kuti zisadye chimanga cha eni. Msipu wabwino unali m'mbali mwa njanji, poti palibe ankalimamo. Tsono chikhomo chimazuka m'dothi lonyowa, pamene njanji siizuka. Anthu anayamba kumangirira zingwe kuchitsulo chenichenicho. Amuna anga akazipeza ankazimasula n'kuzikokera kwa eni ake, ndipo anadana nawo ambiri chifukwa cha zimenezi.

Apa ndiulule. Ine ndemwe, mkazi wa woyendera njanji, ndinkadikira kuti adutse, kenaka n'kukamangirira mbuzi zanga ziwiri pamene njanji imakhota, kuseri kwa chulu. Ina inali ndi bere. Ndinkati za sitima n'zakale, mbuzi ndiye zikufuna kudya lero.

Tsiku lina mvula itangokata, tinali titakhala pakhonde la siteshoni, amayi ndi abambo omwe. Amuna anga anali atamaliza ulendo wawo. Anagwada, monga ankachitira nthawi zonse asanapite kunyumba, n'kuika khutu panjanji. Anakhalitsa. Atadzuka anati, "Ikubwera."

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anati, "Mutisungireko malo m'bogi, bwana!" Ine sindinaseke. Munthu amene wagona naye nyumba imodzi zaka zonsezo umadziwa nkhope yake, ndipo nkhope imeneyo ndinali nditaiona kale masiku a sitima.

"Bambo," ndinatero, "mbuzi zanga."

"Zili kuti?"

"Pokhota paja. Kunjanji."

Anandiyang'ana kamodzi kokha. Anasolola kambendera kaja m'thumba n'kuyamba kuthamanga. Chikwatirane ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Ndinakwinya chitenje n'kuwatsatira. Kenaka kutali kunamveka kulira kwa sitima, ndipo nditacheuka ndinaona onse oseka aja ali pambuyo panga, aliyense akukuwa za mbuzi zake. Kani mudzi wonse unkachita ngati ine!

Mfundo ya chingwe inali itanyowa n'kulimba. Ndinagwada pamiyala, ndikumasula ndi zala, kenaka ndi mano, uku mbuzi ikukoka. Chitsulo chinkanjenjemera m'manja mwanga. Ndinalira, ndithu ndinalira, theka chifukwa cha mbuzi, theka chifukwa cha manyazi. Amuna anga anandipitirira, nakaima patsogolo pakati pa njanji, kambendera m'mwamba.

Sitima inatulukira pang'onopang'ono, yodzaza matumba a feteleza, ndipo inaima. Woyendetsa anasuzumira pazenera, naona mbuzi mbali zonse ndi anthu akulimbana ndi zingwe. Tinkayembekezera kukalipiridwa. Iye anatsika n'kupita kwa amuna anga.

"Akulu, chigawo chino ndi chanu?"

"Ndi changa."

"Ndadutsa m'udzu wokhawokha, mtima uli m'mwamba. Pano pokha ndi pamene ndaona njanji ndi maso." Anawagwira chanza ndi manja awiri, pamaso pa mudzi wonse.

Tsiku limenelo palibe mbuzi inafa, ndipo kuyambira pamenepo mawu akuti "bwana" anayamba kumveka mwina. Sitima sizinachuluke ayi. Inkabwera imodzi, n'kupita miyezi. Koma kumjigo palibe anandifunsanso za mutu wa amuna anga.

Kunyumba ndinadikira mlandu wanga. Sunabwere. Amuna anga anadya, nafunsa za mbewu ya mtedza, basi. M'mawa mwake ndinapeza pakhomo zikhomo ziwiri zazitali za mtengo wa muwanga, zosongoledwa bwino, zoti ngakhale ng'ombe singazule. Ndinazitola, ndinakamanga mbuzi zanga kudambo, kenaka ndinatenga chikwakwa n'kuwatsatira kunjanji. Atandiona anangondilozera mbali yanga yotchetcha.

Njanji inadzafikadi ku Chipata, iwo atatisiya kale. Sindidandaula kwenikweni, chifukwa iwo sankakayika n'komwe. Zikhomo zija ndikadali nazo, ndipo zidzukulu za mbuzi ya bere ija ndimazimanga pomwepo.