Miyala Imene Ndinayala Pabwalo pa Amayi

Ndinaganiza zochoka ku Kande chaka chimene chinangwa chathu chinaola m'munda. Mlongo wanga wamkulu, NyaManda, anangoti wopita ku Joni amasiya wina akusenza nkhalamba.

Kumeneko ndinapeza ntchito kwa bambo wina wa ku Congo, yoyala timiyala ta simenti m'mabwalo a anthu olemera. Timiyalato iye ankatitcha pave. Ine, amene sukulu ndinalekezera Sitandade 7 koma chidutswa cha nyuzipepala sindichidutsa, ndinafufuza. Ndinapeza kuti liwulo ndi lachifalansa, Afalansawo analitenga kwa Aroma, kumene linkatanthauza kutsendera dothi kuti lilimbe, ndipo Angerezi anatolapo pevimenti yawo. Buku lonenepa nalonso Afalansa amalitcha pave. Polowera sabata, ndili ndekha m'kachipinda ka malata, ndinalembera mlongo wanga zonsezi pa foni. Anayankha kuti amayi asiya kudya.

Ndalama ndinkatumiza. Pamene anamwalira ndinalibe mapepala ondiloleza kukhala m'dzikomo, ndinaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Maliro ndinawamvera pa foni.

Ndinabwera kumudzi chaka chatha, ndi zikombole zanga zoumbira timiyala m'chikwama. NyaManda anandipatsa moni wa mlendo wofunsa njira, nyumba ya amayi ili yokhoma, kiyi ali pa mpango wake. Nzeru za m'mabuku zinandiuza kuti ndipepese ndi luso langa. Ndinaumba timiyala kwa mnzanga, ndipo tsiku limene NyaManda anapita kumaliro ku Tukombo ndinayala bwalo lonse la amayi, mizere yowongoka bwino.

Atabwera anaima pamenepo n'kundiitana.

"Mtchona iwe, wakuuza ndani?"

Ndinati mvula ya kuno imakumba bwalo.

"Apa ndi pamene anagona anthu a maliro a amayi. Ine ndinasesa pano, wekha ukudziwa kumene unali. Lero wabwera kudzavindikira? Chotsa."

Ndinachotsa, masiku awiri, anthu akudutsa osapereka moni. Amalume ndinawatuma kawiri kukandipepesera. Anabwera ndi yankho loti munthu salowa m'nyumba ya maliro amene sanalire.

Pano ndikuchita lendi ku Chintheche, ndikuyalira mabwalo aphunzitsi obwera. Timiyala tija NyaManda anagawira azimayi anzake, amatsinjirira chinangwa chimene aviika m'madzi kuti chisayandame. Akuti timagwira bwino ntchito. Kiyi akadali pa mpango.