Pumbwa Wotera M'malere

Amuna anga atapuma pa ntchito ya ukalaliki m'tauni, ndinkayembekezera kuti ayamba kuweta nkhuku ngati anzawo. Kuseri kwa nyumba yathu ku Soche kuli malo okwanira khola, ndipo ndinali nditawalozera kale. Koma mlamu wanga, mng'ono wawo, atabwera kuchokera ku Joni anawasiyira kamera yakale yokhala ndi lenzi yaitali ngati munsi. Nkhani ya khola inathera pomwepo.

Ankadzuka m'mawa n'kukhala pakhonde, kamera ili pamiyendo, kudikira mbalame. Za kwathu kuno si zachilendo ayi: akhwangwala ofukula zinyalala, njiwa, ndi apumbwa otidyera mapapaya. Zaka zonse zimene takhala m'nyumbayi, amuna anga ndi amene ankagenda apumbwawo. Tsopano ndikatuluka ndi tsache ankandikwezera dzanja.

"Mayi, pang'onopang'ono. Mumtengomo muli mlendo."

"Mlendo wake ndi uja anaboola papaya langa dzulo?"

"Yemweyo. Musamudzidzimutse."

Ndiye ndinkaima pakhomo panga pomwe, tsache lili m'manja, kudikira kuti wakuba akhute.

Posakhalitsa analowa gulu la pafoni la anthu ojambula mbalame. Munali a ku Ndirande, a ku Bangwe, a ku Machinjiri, ambiri a iwo achikulire. Wina akatumiza chithunzi, anzake ankanenapo maganizo awo. Ambiri ankangoyamikira, koma munali mayi wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi wopuma, amene ankachonga zithunzi ngati zimangirizo za ana a sukulu. "Diso la mbalame silikuoneka." "Mwaidula mchira." "Dzuwa lizikhala kumbuyo kwanu, osati kutsogolo." Amuna anga ankandiwerengera mauthengawa mokweza, akutsanzira mawu a munthu amene anali asanamuonepo. Ankati ayenera kuti ndi chimayi chachikulu cha mandala pamphuno.

Kenaka mwana wathu wamkazi, atabwera kudzationa, anawaikira pa laputopu pulogalamu yokonzera zithunzi. Anawaphunzitsa kuwalitsa chithunzi chakuda, kuwonjezera mitundu, ndi kufufuta chinthu chosafunika. Mwanayo anabwerera kwake, n'kundisiyira ine zotsatira zake.

Inali nyengo ya chiperoni, kumwamba kuli phulusa lokhalokha, pamene anajambula pumbwa atatera pa waya wa magetsi kutsogolo kwa nyumba. Pumbwa ndi mbalame yosadzikongoletsa: thupi lotuwa, mutu wakuda, ndi kachikasu pang'ono kunsi kwa mchira. Amuna anga anaona kuti Mulungu anaumirako penti. Anakhala pa laputopu masana onse. Kachikasu kaja kanayaka ngati nthochi yakupsa, msana unayamba kunyezimira, ndipo kumwamba kunasanduka kwa buluu ngati yunifolomu ya ana a pulayimale. Pomaliza anati waya ukunyansitsa chithunzi, ndipo anaufufuta wonse.

"Mayi, tabwerani mudzaone."

Ndinasuzumira, ndinaona kuti china chake sichili bwino, koma ndinali ndi zovala pachingwe ndipo kunja kunkawaza. Ndinangoti, "Yakongola," n'kuthamangira kukaanula.

Chithunzi chinapita pagulu. Woyamba kuyankha anali aphunzitsi aja. Analemba kuti, "Zikomo bambo, diso mwalijambula bwino. Funso langa ndi limodzi: mbalameyi yagwira chiyani?"

Tinachiyang'ananso chithunzicho tonse awiri. Pumbwa anali atakhala phee m'malere, mapiko atapinda, zala zitafumbata zolimba chinthu chimene panalibe. Bambo wina wa ku Bangwe anafunsa kuti pumbwa ameneyu amapita ku saluni iti, akazi awo akufunako. Wa ku Machinjiri anati akusamukira ku Soche, poti ndi kokhako kumene chiperoni sichinafike.

Amuna anga sanaseke. Anatsekera kamera m'kabati, n'kunena kuti mwina nkhuku zija zinali nzeru. Ndinaganiza kuti ndapambana, koma ayi. Munthu amene anazolowera kuyang'anitsitsa mbalame anayamba kuyang'anitsitsa ine. Ankanditsata kukhitchini, kundiuza kuti anyezi ndikudula mokula, kuti mafuta ndachulutsa, kuti mbale ndikuziika mosalongosoka. Choncho nditamva kuti gulu lija lapangana zokwera phiri la Soche Loweruka m'mawa, ndinawasitira thalauza, kutulutsa kamera, kuchajitsa batire, n'kuwauza kuti inenso ndipita nawo.

"Inu mukatani kumeneko?"

"Ndikaone chimayi chachikulu chija."

Tinakumana nawo pa siteji ya minibasi. Anali anthu ochepa, aliyense kamera ili m'khosi. Aphunzitsi aja anali kamayi kakafupi, kowonda, kovala nsapato zothamangira ndi chipewa cha dzuwa. Anatipatsa moni mwaulemu, kenaka anafunsa amuna anga kuti, "Inu ndinu bambo a pumbwa uja?"

Njira yonse amuna anga ankandiuza mawu amene akawayankhe akakumana. Apa anangovula chipewa. "Ndi ine, mayi."

"Chithunzi chija chinali chabwino musanachithandize," anatero aphunzitsiwo. "Waya si tchimo. Mbalame za m'tauni zimatera pa waya, ndi kwawo. Muubwezeretse, mudzanditumizire."

Tinayamba kukwera kudutsa pakati pa nyumba zimene zamangidwa m'mphepete mwa phiri, njira zake zija zokumbika ndi madzi a mvula. Aphunzitsi anali patsogolo, osapuma n'komwe. Abambo ankabwera pambuyo, aliyense akunamizira kuti waima kuti amvetsere mbalame. Tisanafike kumene kuli mitengo, aphunzitsi anaima n'kunong'ona kuti, "Choso."

Kanali kambalame kakang'ono ka mlomo wautali wopindika, khosi lobiriwira monyezimira, chifuwa chofiira. Kankatsopa duwa la nthochi. Makamera onse anakwera nthawi imodzi. Ine, amene ndinalibe choyang'aniramo, ndi amene ndinaona chifukwa chake nthochizo zinali zobiriwira chonchi m'nyengo yopanda mvula. Zinamera m'mbali mwa bafa la udzu, ndipo m'bafamo munkamveka madzi.

Madziwo analeka kumveka.

"Kodi kunjako kukuchitika chiyani?" anafunsa mawu a mayi kuchokera m'katimo.

Anatuluka mayi wa msinkhu wangawu, chitenje atamanga pachifuwa, ndowa ili m'manja, thovu la sopo lili kukhutu. Anayang'ana malenzi onse aja ataloza bafa lawo. Bambo wa ku Bangwe, wanthabwala uja, anayamba kuyang'ana zingwe za nsapato zake. Amuna anga anabisa kamera kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Amene tinapita kukalankhula nawo ndi ife amayi, ine ndi aphunzitsi. Tinapepesa, tinafotokoza, ndipo aphunzitsi anawaonetsa zithunzi zonse za mu kamera yawo, chimodzichimodzi, kuti aone kuti muli mbalame ndi duwa basi. Mayiwo anayang'anitsitsa.

"Kambalame aka? Anthu akuluakulu inu mwakwera chitunda chonsechi chifukwa cha aka? Kamabwera m'mawa uliwonse, sindinadziwe kuti n'kotchuka."

Anaseka mpaka anakhazika ndowa pansi. Atatha kuseka anati popeza tawadukiza kusamba, tiwajambule iwonso, koma tiyembekeze avale. Anatuluka atavala diresi la kutchalitchi ndi duku latsopano, n'kuima chilili pafupi ndi nthochi zija. Aphunzitsi analoza amuna anga. Iwo anayang'ana kaye kumene kuli dzuwa, n'kulisiya kumbuyo, kenaka anajambula.

Mayiwo ataona chithunzi chawo anagwedeza mutu. "Makwinya awa muwachotse. Dzino ili linaguluka chaka chatha, mulibwezeretse. Ndimamva kuti zimatheka."

"Pagulu pathu timalimbikitsa kuti chinthu chizioneka monga chilili," anayamba aphunzitsi.

"Zimenezo muziuza mbalame, mayi. Ine ndikufuna kutumizira mwana wanga ku Lilongwe."

Aphunzitsi anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, apa ndiye katswiri ndinu."

Amuna anga anakwera chitunda chotsalacho ali patsogolo pa abambo onse.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anakhala pa laputopu, ine ndili pambali. Makwinya sanavute. Dzino ndi limene linatitayitsa nthawi. Anakopera dzino loyandikana nalo n'kuliika pampata, koma linatuluka lalikulu ngati la mbuzi. Atalichepetsa linayera kuposa anzake onse.

"Lidetseni pang'ono," ndinawauza. "Mayi aja amamwa tiyi."

"Inunso mwayamba kuchonga?"

Koma analidetsa. Chithunzicho tinakachitsukitsa pa situdiyo ina ku Zingwangwa, pafupi ndi msika, n'kukwera nacho chitunda chija. Mayiwo anapukuta manja pa chitenje asanachigwire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akusisita tsaya lawo ndi chala.

"Ndi ineyo ndithu," anatero. "Wa nthawi ija ndinkayimba kwaya." Kenaka analoza pakona. "Koma bafali mwalisiyiranji? Mukutha kubzala dzino, mukulephera kugwetsa bafa?"

Amuna anga anayankha kuti zofufuta zinthu analeka. Mayiwo anati palibe vuto, adula ndi sizasi.

Chithunzi cha choso chimene amuna anga anajambula tsiku lija sichinatuluke bwino, chifukwa anadzidzimuka pamene mayiwo ankafunsa funso lawo loyamba. Munali duwa ndi kachifiira kosaoneka mutu wake. Ndiye anapempha kuti azibwera Loweruka m'mawa kudzadikira kambalameko, ndipo analoledwa. Mayiwo anasintha nthawi yosambira tsiku limenelo, ndipo amawaikira mpando pamthunzi. Aneba awo nawonso anamva mbiri ya dzino lija. Amuna anga akangokhala pampandopo, amayi a mderalo amayamba kudutsa mmodzimmodzi atavala za kutchalitchi pa Loweruka, aliyense ndi chimene akufuna kuti chikonzedwe. Choso chikafika n'kupeza chikhamucho chimabwerera. Mpaka lero amuna anga sanachijambulebe bwino, koma amabwerako atanyamula mapeyala kapena chinangwa, ndipo ine sindidandaula.