Chingerezi Chimene Ndinaphunzitsa Amayi

Aphunzitsi athu ku Mamelodi ankasunga zitini zitatu za jamu patebulo pawo: kakang'ono, kapakatikati, ndi chachikulu chadzimbiri kukamwa. Ankazigogoda ndi rula chimodzichimodzi, ife n'kumakuwa kuti, "Big, bigger, biggest!" mpaka makutu kuwawa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkayenda mokweza mapewa ngati Chingerezi chonse cha mu Pretoria chinali m'thumba mwanga.

Ine ndinkakhala kwa amalume kulokeshoni. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Brooklyn, mu Pretoria momwemo, n'kumagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Kwathu ankabwera Lachinayi lokha, tsiku lopuma la antchito, manja akununkha sopo ndi polishi. Abambo, amene anabwera nawo kuchokera ku Ntcheu, anali atamwalira. Chimene chinkawasunga Amayi ku Joni chinali dzanja la adona, abwana awo aakazi, losaina pa pasi yawo, chiphaso chowalola kukhala m'dzikomo. Dzanjalo likanakana, apolisi akanawakweza sitima ya ku Malawi, ine wobadwira konkuno n'kutsala.

Chaka chimenecho, mitengo ya jakaranda itayamba kuyoyola maluwa m'misewu, Amayi anafika nkhope ili yakugwa. Kamnyamata ka adona, kamene Amayi anakalera kuyambira kali khanda, kanali katayamba kusakaniza Chichewa m'kamwa mwake. Adona sanakondwe nazo. Ananena kuti Khirisimasi ikapita adzafuna wantchito wodziwa bwino Chingerezi.

"Iwe, zija mumakuwa kusukuluzi undiphunzitse," anatero Amayi, ali chiimire ndi chikwama m'manja.

Tinayamba tsiku lomwelo pakhonde. Amalume anali tall, geti linali taller, mtengo wa magetsi unali tallest. Amayi ankabwereza pang'onopang'ono, akusenda mbatata, lilime likupunthwa. Atanena kuti "gooder" ndinaseka mpaka kugwa pansi, iwo n'kuseka nawo, kenaka n'kufunsa mawu oyenera. Amalume, akachoka kufakitale ku Rosslyn, ankatipeza tikadali pomwepo.

"Eish, mlongo, mukadzapita ku Ntcheu mudzafuna womasulira," ankatero, akuvula nsapato.

Sindinakhalepo wokondwa ngati masabata amenewo. Kwa ine anali masewera, ndipo Amayi anali anga ndekha masana onse. Lero ndikudziwa kuti iwo sankasewera. Munthu wamkulu sagonjera kusekedwa ndi mwana wake pokhapokha madzi atafika m'khosi.

Tsiku lina tikuphunzira more ndi most, ndinawayesa. Ndinawauza kuti anene m'Chingerezi amene amamukonda koposa pakati pa ine ndi ana a amalume. Anaika mpeni pansi.

"Ana sitiyerekeza ngati mbatata za pamsika. Ndifunse za geti," anayankha m'Chichewa.

Sukulu itatsekera mu Disembala, Amayi ananditenga ku Brooklyn kuti ndikaswere nawo. Anandikhazika pa sitepe ya kukhitchini, n'kundichenjeza kuti ndisaponde kapinga. Ndikukumbukira kutentha kwa simenti m'ntchafu, ndi phokoso la madzi othirira maluwa. Masana atapeza mpata, anakhala pambali panga n'kuyamba kundipesa tsitsi, mutu wanga uli pamiyendo pawo.

Kamnyamata kaja kanatipeza choncho. Kanaima, kanatiyang'ana, kenaka kanayamba kulira mokuwa, kakukoka epuloni ya Amayi kuti ndichoke. Adona anatuluka. Kamwanako, misozi ili mbwembwembwe, kanafunsa Amayi kuti amakonda kwambiri ndani, iko kapena mtsikana uyu. Adona sanakaletse. Anatsamira chitseko, manja atapinda pachifuwa, akudikira yankho.

Ndinadikira nanenso, mtima uli m'malo, chifukwa yankho ndinkalidziwa kale. Ana sitiyerekeza.

Amayi anachotsa mutu wanga pamiyendo pawo. Anakanyamula kamwanako, anakapukuta mphuno ndi epuloni, n'kunena momveka bwino, "I love you more. I love you the most."

Sanaphonye ngakhale liwu limodzi. Adona anamwetulira, n'kunena kuti Chingerezi chawo chasintha kwambiri. Chipeso chinatsala chili chibayire m'tsitsi langa, ndipo ndinachizula ndekha.

Zinandipweteka kuposa tsiku limene tinaika Abambo, chifukwa Abambo sanachite kusankha. Mawu amenewo ndinawaika m'kamwa mwa Amayi ndine, pakhonde lathu, ndipo anakawapereka kwa mwana wa eni ine ndikumva. Madzulo popita kokwerera basi anafuna kundigwira dzanja, ine n'kulibisa m'thumba la diresi. Sanandikakamize.

"Tiye, basi ingatisiye," anangotero.

Khirisimasi inapita, adona anasaina, Amayi sanakwere sitima. Lachinayi lililonse ankafika monga kale, koma maphunziro a pakhonde anathera pomwepo. Kuyambira tsiku lija mpaka kumwalira kwawo, sanayankhulenso Chingerezi ine ndili pafupi. Mzungu akawafunsa kanthu mumsewu tili limodzi, ankangoloza ndi dzanja.

Ine ndinkaganiza kuti asiya chifukwa apeza chimene ankafuna ndipo sakundifunanso. Sindinkadziwa kuti ananena mawu aja kuti asandisiye, ndiponso kuti sankatha kupirira kuti ndimvenso chinenero chimene anandikaniramo.